Kufa pa kamera: malangizo kwa ojambula mafilimu m'Chigwa cha Shire

Magulu a achinyamata amene kale ankangochita zisudzo pabwalo la sukulu ndi pa tsiku la msika, ambiri tsopano agwira foni n'kuyamba kujambula mafilimu awoawo. Ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka pa boma ku Nsanje ntchito imeneyi ikuyenda, ndipo nkhani zake n'zathu zenizeni: madzi osefukira, mikangano ya minda ya kudimba, ngongole za thonje, mnyamata wopita ku Joni osabwerako. Koma pali malo amodzi pamene filimu yabwino imakonda kugwa chagada, ndipo ndi pamene munthu wa m'nkhani akumwalira. Wosewera amagwira pachifuwa, kutuzula maso, kugubuduka uku ndi uku, kulankhula mawu osatha, kenaka n'kuponya khosi kumbali. M'vidiyo sho ana amaseka mpaka kugwa pa benchi, chonsecho wolemba nkhani ankafuna kuti anthu agwetse misozi.

Anthu a m'chigwa muno simungawanamize pa nkhani ya imfa. Ambiri adwazikapo matenda m'nyumba mpaka kutseka okha maso a m'bale wawo. Ena anaona madzi a mu Januwale 2015 atazinga Makhanga, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Munthu wotere akakhala pansi kuonera filimu yanu amadziwa kale mmene mpweya womaliza umamvekera. Mukamuonetsa zachibwana, mwamunyoza. Tiyeni tsono tiyende bwinobwino, kuyambira pa pepala.

1. Musanayambe kuyeserera, yankhani mafunso awiri

Loyamba: munthuyu akufa ndi chiyani? "Wangodwala" si yankho. Malungo aakulu amasokoneza mutu, wodwala amabwebweta, mwina kukomoka. Kolera imaumitsa thupi, maso amalowa m'kati, mawu amasasa mpaka kungotsala manong'onong'o. Wotaya magazi ambiri amazizidwa, amamva ludzu, amapuma mothamanga ndipo mphamvu zimamuthera pang'onopang'ono. Womira m'madzi kawirikawiri sakuwa n'komwe, pakuti kamwa ikatulukira pamwamba chimene akufuna ndi mpweya basi. Pezani namwino kapena dokotala wa pachipatala chapafupi pa nthawi imene waweruka, mumufotokozere nkhani yanu, mumufunse zimene thupi limachita. Agogo amene akhala akudwazika matenda m'mudzi alinso ndi zambiri mukawafika mwaulemu. Kulowa muwodi kukasuzumira odwala enieni, ayi, zimenezo musayerekeze.

Funso lachiwiri ndiye mwini nkhani: munthuyu akufuna chiyani pa mphindi imeneyi? Palibe amene amagona pamphasa n'cholinga choti afe. Akadali ndi chimene akulimbana nacho: afike pakhomo, aone mwana, aulule chinsinsi, abweze ngongole, angomwa madzi. Konstantin Stanislavski, mphunzitsi wa zisudzo wa ku Russia amene anamwalira mu 1938, ankaphunzitsa osewera kufufuza chimene munthu wa m'nkhani akufuna, ndi kudzifunsa chimene iwo eni akanachita zikanawagwera. Pa imfa chiphunzitso chimenechi ndi chamtengo wapatali. Wosewera asasewere kufa. Asewere kufuna kukhala moyo, thupi likumukaniza.

Taonani chitsanzo. Bambo wachikulire wa ku Makhanga wagona pamphasa pakhonde. Anyamata apita kukafuna bwato la pa Mtayamoyo kuti amuolotsere ku Bangula, koma achedwa. Pambali pali mwana wake wamkazi. Wolemba wongoyamba kumene amawapatsa bambowo ulaliki: ine ndikupita, usamale abale ako, dziko ndi lovuta. Fufutani zonsezo, mulembe chonchi:

"Iwe, mbuzi zija zalowa?"

"Zalowa, bambo."

"Yamawanga ija usagulitse. Ndi ya fizi ya mlongo wako."

"Ndamva, bambo. Imwani madziwa."

Bamboyo ayese kutukula mutu kuti amwe, alephere. Palibe watchula imfa, koma aliyense woonera wamva kuti munthuyu akugawa chuma chake chonse, ndipo chumacho ndi mbuzi zochepa chabe. Mawu omaliza akhale ochepa, a zinthu zapakhomo, ndipo chiganizo chotsiriza chikhoza kuthera panjira.

2. Phunzitsani thupi

Apa ndiye pofunika masiku, osati maola. Yambani ndi mpweya, chifukwa ndi umene umatsogolera zonse. Munthu amene wadwala nthawi yaitali akayandikira mapeto, kapumidwe kake kamasintha. Amapuma mozama kangapo, mpweya n'kumachepa, kenaka zii kwa masekondi angapo, achibale n'kuganiza kuti zatha. Mwadzidzidzi mpweya ubweranso. Achipatala amakutcha kupuma kwa Cheyne-Stokes. Kwa wopanga filimu, kachetechete wa pakatiyo ndiye mphatso yaikulu, pakuti mwana wamkazi uja nayenso amasiya kupuma, woonera nayenso chimodzimodzi. Mulole mpweya ubwerere kamodzi kapena kawiri. Kachitatu usabwerere, ndipo kamera ingodikira. Pamenepo anthu adzazindikira okha, popanda wowauza. Kukhosi kumamvekanso mkonono wa malovu chifukwa wodwala satha kumeza. Wosewera akhoza kuuchita pang'ono chabe. Akaonjeza, umasanduka nthabwala.

Kenaka maso. Anthu ena amamwalira maso ali otsekuka pang'ono, n'chifukwa chake akuluakulu amawatseka ndi dzanja. Wosewera asankhe chinthu chimodzi chakutali, monga nsonga ya denga, achiyang'ane mosachiyang'anitsitsa, maso afooke okha. Kutembenuza maso kuti kuoneke koyera kokha kusiyeni. Ngati nkhani ikufuna maso otseka, asawafinye, chifukwa zikope zofinya zimanjenjemera ndipo kamera imaona. Njira yabwino ndiyo kupereka ntchito yotseka masoyo kwa wosewera wina, azakhali kapena mkulu wa pamudzi. Dzanja lija likamatsika pankhope limanena zambiri kuposa kulira.

Nsagwada zimasuke, pakamwa patseguke pang'ono. Zala zisawongoke ngati za msilikali, zipindike zokha mmene zimakhalira munthu akagona tulo.

Chovuta kwambiri ndi kulemera kwa thupi. Yeserani awiriawiri pamatiresi: mmodzi agone, mnzake anyamule dzanja lake m'mwamba n'kulitaya mosachenjeza. Dzanjalo likaima m'malere ngakhale kanthawi kochepa, kapena likatsika mwaulemu, ndiye kuti mwini wake akulithandiza. Bwerezani mpaka lizigwa ngati thumba la mapira. Chitani chimodzimodzi ndi mwendo, kenaka mutu, koma mutuwo mnzake aulandire m'manja. Pomunyamula wakufa, asagwire khosi la womunyamula, asadzikonze, asakoke chitenje chimene chasuntha. Onyamulawo avutike ndithu, chifukwa kuvutika kwawoko n'kumene kumauza woonera kuti m'thupimo mulibe mwini. Ndipo kumbukirani kuti thupi siliuma nthawi yomweyo. Kuuma kumayamba patapita maola awiri kapena kuposerapo, choncho amene wangomwalira kumene akhale wolobodoka.

3. Chepetsani

Pabwalo la zisudzo, munthu amene waima kumbuyo pansi pa mlambe ayenera kuona ndi kumva, n'chifukwa chake tinazolowera manja aakulu ndi mawu okweza. Kamera ili pafupi ndi nkhope. Jambulani chigawo cha imfacho katatu: mmene munazolowerera, kenaka theka lake, kenaka theka la thekalo. Onerani zonse pafoni mutatseka mawu. Kawirikawiri chachitatucho n'chimene chimagwira mtima, ngakhale wosewerayo adzadandaula kuti sanachite kanthu.

4. Kamera ipite kwa wotsala

Ine ndimakhulupirira kuti imfa imene anthu amaikumbukira mufilimu imaseweredwa ndi anthu awiri, ndipo katundu wolemera amasenza ndi amene watsala. Wakufa wamaliza yake. Woonera akufuna nkhope yoti alire nayo.

Zaka pafupifupi 100 zapitazo, Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya wosewera yosaonetsa kanthu n'kuchilumikiza ndi zinthu zosiyanasiyana, monga mbale ya chakudya ndi mwana ali m'bokosi la maliro. Oonera anaona njala koyamba, chisoni kachiwiri, koma nkhope inali yomweyo. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti woonera amathira yekha chisoni pankhope imene mwamuonetsa, bola mwamuonetsa kaye chochititsa. Mwana wamkazi uja sayenera kuyamba ndi kukuwa. Akhoza kupitiriza kugwira kapu ya madzi pakamwa pa bambo ake. Akhoza kuwaitana kamodzi, "Bambo," ndi mawu wamba ngati akuwadzutsa kuti nsima yapsa. Kachiwiri mawu asinthe pang'ono. Akhoza kuwafunditsa bwino kumapazi, ngati kuti akumva kuzizira. Munthu amayamba wakana, kulira kumabwera pambuyo.

Sindikunena kuti kulira kwathu kwa maliro kuchotsedwe. "Mayo ine" wa amayi a kuno, kaya m'Chimang'anja kaya m'Chisena, ndi wathu ndipo ali ndi mphamvu yake. Koma afike pa nthawi yake. Pakati pa mpweya womaliza ndi mfuu woyamba pakhale mpata. Nthawi zina ndi bwino kamera ituluke panja, ione anyamata aja akufika thukuta lili kamukamu kudzanena kuti bwato lapezeka, mfuuwo n'kuwapeza ali pabwalo.

Za misozi: musathire mankhwala opaka, tsabola kapena anyezi m'maso mwa munthu. Misozi ikakana, isiyeni. Munthu amene akulimbana kuti asalire amaliritsa anthu kuposa amene akudzikakamiza kulira.

5. Kapempheni kaye

Musanaike kamera pamudzi, pitani kwa anyakwawa mukafotokoze tsiku, malo ndi zimene zidzamveke. Kwathu kuno maliro n'kulirana. Mfuu ukamveka, amayi amasiya makasu kudimba n'kuthamangira komweko, ndipo kuwapeza mukuseka kuseri kwa kamera n'chipongwe chimene sadzaiwala msanga. Masamba amene timaika pamsewu posonyeza zovuta musawaike pa njira imene anthu akudutsa. Akabaza adzatsika njinga, uthenga udzafika kutali. Ajambuleni pa kanjira kapadera n'kuwachotsa nthawi yomweyo. Ngati pali chooneka ngati mfuti, chikwanje kapena kuthamangitsana, dziwitsaninso apolisi a m'deralo, kuopa kuti odutsa angatenge wosewera wanu ngati wakuba weniweni.

Kumanda sikulowedwa popanda mfumu ndi adzukulu. Nthawi zambiri n'kwapafupi kuumba mtumbira wanu pamunda wa munthu amene wavomera, n'kuusalaza mukamaliza. Malo opatulika monga Khulubvi, kwa Mbona, ali ndi eni ake ndi malamulo ake, si pongofikira ndi kamera.

Mabanja ena amaona kugona m'bokosi munthu uli moyo ngati malodza. Musatsutsane nawo, ndipo musaseke wosewera amene wakana. Bokosi lotseka lokhala ndi matumba a mchenga m'kati limagwira ntchito yomweyo, onyamula n'kumalemedwa ndithu. Ngati womwalira m'nkhaniyo ndi mwana, makolo ake avomere ndipo akhalepo pojambula. Amene waferedwa posachedwa mufunseni pambali ngati angakwanitse, ndipo akati ayi, pezani wina.

Pali imfa imodzi yofuna kusamala kwapadera, ndiyo ya munthu wodzipha. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo kwa opanga mafilimu, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti njira imene munthu wadziphera isaonetsedwe, komanso kudzipha kusaoneke ngati yankho la mavuto. Onetsani achibale otsala, ndipo m'nkhanimo mukhale munthu amene akanatha kuthandiza.

6. Kugwa, zida ndi magazi

Munthu asagwe chagada pa nthaka youma. Maondo ayambe kupinda, thupi litsatire chammbali, ntchafu ndi phewa zilandire, mutu ufike pomaliza pa dzanja. Pojambula gawani pawiri: koyamba kamera ione kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, wosewera agwere pa matiresi amene sakuoneka. Kachiwiri chotsani matiresi, agone pansi, mujambule akungofika. Polumikiza zidzaoneka ngati kugwa kumodzi.

Mpeni ndi chikwanje zikhale za mtengo wofewa kapena katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira. Ikani kamera kumbuyo kwa mmodzi mwa omenyanawo, mpata wa pakati pawo sudzaoneka ngakhale chida chitadutsa patali. Mfuti yeniyeni isafike pamalo ojambulira, ngakhale mwini wake alumbire kuti mulibe chipolopolo. Wosewera Brandon Lee anafa mu 1993 ku North Carolina, ku America, atawomberedwa ndi mfuti ya mufilimu, ndipo mu Okutobala 2021 wojambula Halyna Hutchins anafa momwemonso ku New Mexico, ku America komweko. Amenewo anali malo a akatswiri ndi ndalama zambiri. Semani mfuti ya mtengo, kulira kwake mudzakuike pokonza filimu.

Imfa ya m'madzi musakaijambulire mu Shire, mu Ruo kapena m'madambo a Elephant Marsh. Ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti ndi sewero. Bwato lopanda munthu likuyandama, nkhafi pagombe, ndi nkhope za oima kumtunda zikwanira.

Magazi apangeni nokha. Sungunulani shuga m'madzi ochepa pamoto mpaka achite ulenda, azizire, muthiremo utoto wofiira wa zakudya uja wa m'makeke ndi m'mafilizesi, kenaka koko kapena khofi pang'ono kuti ade. Magazi enieni ndi ofiira moderapo, ndipo akauma pa nsalu amasanduka ofiirira. Tomato sosi amaonekera patali kuti ndi wa pa chipisi. Penti ndi magazi a mbuzi zisafike pakamwa kapena pakhungu la munthu. Thirani ochepa: kadontho pakona pa mlomo kapena banga limene likukula pang'onopang'ono pa shati limaopsa kuposa ndowa yathunthu. Khalani ndi malaya awiri kapena atatu ofanana, pakuti mukabwereza mudzafuna oyera.

7. Tsiku lojambula

Chigwa chathu chili ndi zovuta zakezake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, mchenga umaotcha msana, foni imatentha n'kuzima yokha pakati pa ntchito. Choposa apo, wakufa satuluka thukuta. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamene kuwala kulinso kofewa pankhope. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kupukuta nkhope ya wosewera, kumupatsa madzi akumwa ndi kumutchingira ambulera pakati pa zigawo. Magazi a shuga aja amaitana nyerere ndi ntchentche, choncho sesani malowo, yalani mphasa kapena saka pansi pomwe kamera sikuona, ndipo magaziwo muthire pomalizira penipeni. Wina aime pafupi ndi katoni kuingitsa ntchentche mpaka mphindi yoyamba kujambula.

Pa kugwira mpweya, wosewera asadzaze chifuwa, chifukwa chifuwa chodzaza chimanjenjemera ndipo mitsempha ya pakhosi imatupa. Apume bwinobwino kangapo, atulutse mpweya wambiri n'kusiyako pang'ono, kenaka akhale chete. Masekondi 10 mpaka 15 akwana. Wotsogolera awerenge chamumtima n'kunena kuti "pumani". Musachite mpikisano wa amene angapirire nthawi yaitali. Ngati chigawo n'chachitali, mufunditseni nsalu yokhuthala yosagwira thupi kuti azipuma pang'onopang'ono ndi mimba, ndipo kolala kapena chitenje chibise mtsempha wa pakhosi umene umagunda.

Foni ikhazikike pa choimikira kapena pa mpando, yopingasa, pa msinkhu wa munthu wogonayo. Kumujambula mutaimirira kumamusandutsa chinthu chongoonerera, pamene kamera ikatsika woonera amakhala ngati wakhala nawo pamphasapo. Tengani chithunzi chapatali choonetsa khonde lonse, chapafupi cha nkhope ya wodwala, chapafupi cha mwana wake, ndi china cha manja awo okha. Chigawo chonse chiseweredwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza ulendo uliwonse. Anthu oonerera atalikire, pakuti palibe amene angasewere imfa bwino anzake akumuseka kuseri kwa mpanda. Wotsogolera asafulumire kudula. Chigawo chikatha awerenge mpaka 10, chifukwa zabwino zambiri zimatuluka pankhope ya wotsala pa nthawi imene akuganiza kuti zatha.

8. Mawu ndi kulumikiza

Manong'onong'o sangamveke pa foni imene ili patali. Bisani foni yachiwiri pansi pa nsalu pafupi ndi mutu wa wodwala kuti izijambula mawu okha, ndipo wina aombe m'manja kamodzi poyamba kuti polumikiza pa CapCut kapena KineMaster, mapulogalamu okonzera mavidiyo pafoni, mudzapeze pogwirizanitsira. Mwera ukamaomba, vekani sokosi pa maikolofoni. Pemphani wa chigayo kapena wa wailesi yapafupi akupatseni mphindi zochepa. Jambulaninso mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo popanda wolankhula: nkhuku, njiwa, ng'ombe zikuchokera kubusa. Mudzalifuna potseka mipata.

Nyimbo yachisoni imene imayamba wodwala asanatsirizike imaulula zonse n'kulanda ntchito ya osewera. Yesani kaye popanda nyimbo. Ngati ifunikadi, ilowe mochedwa ndi motsika, ndipo ikhale yanu kapena ya kwaya imene yakulolani. Kubwereza kugwa katatu, kuchedwetsa chithunzi, ndi kusandutsa zonse zakuda ndi zoyera, zonsezi zisiyeni. Mukamaliza, onetsani anthu atatu kapena anayi achikulire amene sali m'gulu lanu, inu muziyang'ana nkhope zawo. Pamene ayang'ana kumbali kapena kumwetulira, pamenepo ndi pofunika kudula.

9. Kamera ikazima

Mudzutseni wosewerayo pomutchula dzina lake lenileni, asambe, asinthe zovala, adye pamodzi ndi gulu. Amene amalira uja nayenso musamusiye yekha, chifukwa kawirikawiri amakhala atakumbuka maliro akwawo enieni. Wina amuperekeze kunyumba.

Ndipo gwirizanani lamulo limodzi musanabalalike: chithunzi cha wosewera atagona ndi magazi kapena atafundidwa nsalu kumutu chisatuluke pa WhatsApp kapena pa Facebook filimu isanatuluke. Chithunzi chotere chimayenda chopanda mawu ofotokoza, ndipo pofika madzulo mayi ake amene ali ku Blantyre kapena tsidya la ku Mozambique akhala atalandira uthenga wa maliro. Zonse zojambulidwa zisungidwe ndi munthu mmodzi, a m'banja la wosewerayo auzidwe tsiku lojambula lisanafike, ndipo filimu ikatha aione iwo poyamba, mwana wawo atakhala nawo pompo.